Lipoti: kuyesa pa kompyuta zilembo zopanga za DNA zisanaitanitsidwe ku labu yoyeza likodzo ku Mangochi

Funso lomwe ndinapatsidwa

Ntchito iyi ndinaigwira pothandiza mayi wina wa mu labu kuno ku Mangochi, amenenso akuchita maphunziro a digiri yachiwiri. Ine ndimaphunzitsa kemisitire, ndipo mbali yanga ndi yowerengetsera pa kompyuta momwe maatomu a molekyu amayendera ndi kukokerana. Funso lawo linali limodzi: mwa mapeya a zilembo zopanga za DNA (zopangidwa ndi anthu, zoonjezera pa zilembo zinayi zachilengedwe A, T, G ndi C) omwe alipo masiku ano, aitanitse iti kuti aiike mu probe yoyezera likodzo mumkodzo, kankhosi kakafupi ka DNA komwe kamawala DNA yosakidwa ikapezeka? Ndalama yomwe anali nayo inali yokwanira mtundu umodzi wokha, ndipo zinthu zotere zimagulidwa ndi ndalama yakunja, yomwe tonse tikudziwa kuvuta kwake. Akanaitanitsa zolakwika, mwayi wobwereza panalibe.

Aliyense amene anakhalako m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Malombe kapena mtsinje wa Shire amalidziwa likodzo. Lofala kwambiri kuno ndi la m'chikhodzodzo, loyamba ndi nyongolotsi ya Schistosoma haematobium yomwe imadzera mu nkhono za mtundu wa Bulinus. Mu 2017 ofufuza anapezanso nkhono za Biomphalaria pfeifferi m'magombe a boma lino, ndipo likodzo la m'matumbo linayamba kupezeka mwa ana a sukulu. Poyeza likodzo la m'chikhodzodzo, a mu labu amasefa mamililita 10 a mkodzo wotengedwa masana, cha pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, n'kuwerenga mazira pa maikulosikopu. Munthu akakhala ndi mazira 50 kapena kuposa, palibe chovuta, amaoneka msanga. Vuto limabwera kwa ana omwe akhala akumwa praziquantel ku sukulu chaka ndi chaka. Mazira amachepa kwambiri moti mwana amabwerera kwawo atauzidwa kuti alibe matenda, chonsecho nyongolotsi zikadali m'thupi, ndipo mawa akasambanso kunyanja.

N'chifukwa chake mayiwa anaika mtima pa njira ya LAMP, yomwe Tsugunori Notomi ndi anzake a ku Japan anaifalitsa mu 2000. Njirayi imachulukitsa DNA pa kutentha kumodzi, madigiri 60 mpaka 65, moti sifuna makina okwera mtengo okweza ndi kutsitsa kutentha ngati PCR. Chomwe amasaka ndi kachigawo ka DNA ya nyongolotsi kotchedwa Dra1, ka zilembo 121, komwe kanabwerezedwa kambirimbiri. Koma LAMP ili ndi khalidwe loipa limodzi: imagwiritsa ntchito ma primer (tinkhosi tifupitifupi ta DNA toyambira kukopera) 4 mpaka 6 nthawi imodzi, ndipo amatha kugwirana okhaokha, chubu n'kuwala pomwe mulibe nyongolotsi. Maganizo awo anali oti mchira wa probe, womwe umagwira nkhosi inzake yozimitsa kuwala, aulembe ndi zilembo zomwe sizipezeka m'chilengedwe, kuti usagwire DNA ina iliyonse yosochera m'chubumo.

Maganizowa ali ndi maziko. Peya ya zilembo zopanga ya isoC ndi isoG yakhala ikugwira ntchito yomweyi mu mayeso a branched DNA oyeza kuchuluka kwa HIV ndi hepatitis m'magazi, ndipo mu 2017 gulu la Steven Benner linafalitsa mayeso a LAMP a Zika, dengue ndi chikungunya ogwiritsa ntchito zilembo zopanga.

Mabanja awiri a zilembo

DNA tingaiyerekeze ndi makwerero opotana. Mitengo iwiri ya m'mbali ndi nkhosi za shuga ndi fosifeti, ndipo popondapo paliponse ndi zilembo ziwiri zokumana pakati, A ndi T kapena G ndi C. Kuti makwererowo asapindike, popondapo ponse payenera kukhala pa muyezo umodzi. Mtunda wochoka pa kaboni wa C1' wa shuga wa mbali ino kukafika pa wa mbali inayo umakhala cha m'ma angstrom 10.5, ndipo popondapo pamatalikirana ma angstrom 3.4. Angstrom imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a milimita.

Alexander Rich ndiye anayamba kunena, mu 1962, kuti peya yachitatu ndi yotheka. Kuchokera pamenepo akatswiri anagawikana pawiri. Gulu la Benner, lomwe tsopano lili ku Alachua ku Florida, linasunga ma hydrogen bond, kugwirana kwa zilembo ziwiri kudzera pa haidrojeni, koma n'kusintha dongosolo lake. Mu 1989 anaonetsa kuti polymerase, puloteni yokopera DNA, imatha kukopera isoC ndi isoG, ndipo mu 2019 anafalitsa DNA ya zilembo 8 yotchedwa hachimoji, momwe P imagwirana ndi Z, B imagwirana ndi S. Ena anati ma hydrogen bond si ofunika kwenikweni. Eric Kool anaonetsa mu 1997 kuti difluorotoluene, yomwe ili ndi thupi la T koma yosagwira bwino ma hydrogen bond, imakoperedwabe. Ichiro Hirao anapanga Ds ndi Px, ndipo Floyd Romesberg, yemwe panthawiyo anali ku Scripps Research ku California, anapanga NaM ndi 5SICS, zilembo zodana ndi madzi zomwe zimagwirana chifukwa cha kaumbidwe kake. Mu 2014 gulu lake linaika peyayi mu bakiteriya ya E. coli yamoyo n'kuchulukana nayo, ndipo mu 2017, pogwiritsa ntchito NaM ndi TPT3, bakiteriyayo anapanga puloteni yokhala ndi amino acid yachilendo.

Mayiwa ankakonda NaM ndi 5SICS chifukwa cha kutchuka kwake, komanso poganiza kuti chilembo chopanda ma hydrogen bond sichingagwire A, T, G kapena C. Tinagwirizana kuti ndiyese mapeya awiri, mmodzi ku banja lililonse: P ndi Z, komanso NaM ndi 5SICS.

Momwe ndinakonzera

Njira yake ndi molecular dynamics. Atomu iliyonse imapatsidwa malo, kulemera ndi chaji, kenako kompyuta imawerengetsera mphamvu zonse zoikoka ndi kuikankha, n'kuisuntha pang'ono, n'kubwerezanso. Sitepe iliyonse ndi mafemtosekondi 2, kutanthauza kuti maikulosekondi imodzi imafuna masitepe 500 miliyoni. Malamulo onse a mphamvuzo amasungidwa mu force field. Pa zilembo zinayi zachilengedwe ndinagwiritsa ntchito parmbsc1 ya banja la AMBER, yomwe inafalitsidwa mu 2016, madzi ndinatenga a TIP3P, ndipo pulogalamu yoyendetsera inali GROMACS. Zonsezi ndi zaulere.

Ndisanakhudze chilembo chopanga chilichonse, ndinayamba ndayendetsa DNA yodziwika bwino ya Dickerson ndi Drew, CGCGAATTCGCG, yomwe ili mu Protein Data Bank pa nambala ya 1BNA kuchokera mu 1981. Cholinga chinali choona ngati makina anga akutulutsa DNA ya mtundu wa B, kaumbidwe ka DNA ka masiku onse, monga aliyense amaipezera. Inatuluka bwino. Koma pa kuyesa kwenikweni sindinaigwiritse ntchito, chifukwa nkhosi zake ziwiri ndi zofanana, ndiye ukasintha chilembo chimodzi wasintha malo awiri. Ndinamanga yanga ya mapeya 13, G ndi C kumapeto konse kuti isamasuke msanga, ndipo peya yoyesedwa ndinaiika pakati penipeni, pa nambala 7. Yoyerekezera nayo inali yomweyo koma pakati pali G ndi C.

Ntchito yaikulu inagona pa zilembo zopangazo, chifukwa parmbsc1 sizidziwa. Chilichonse ndinachita kuchipangira malamulo ake. Chaji ya atomu iliyonse ndinaipeza ndi quantum chemistry pa mulingo wa HF/6-31G* ndi njira ya RESP, womwe ndi mulingo umene zilembo za AMBER zinapangidwira. Apa sipofunika kudzionetsa luso potenga mulingo wapamwamba, chifukwa chilembo chatsopano chikapangidwa ndi muyezo wina pomwe anzake oyandikana nacho ali ndi wina, kukokerana kwawo kumakhala kwabodza. Zotsala ndinatenga ku GAFF, force field ya AMBER ya mamolekyu ena osiyanasiyana.

Malo amodzi sindinakhulupirire GAFF, ndipo ndikufuna aliyense wochita ntchito ngati iyi awaone. Zilembo zachilengedwe zimalumikizana ndi shuga kudzera pa naitrojeni. Z ndi NaM zimalumikizana kudzera pa kaboni. Kapotokedwe ka polumikizirapo, komwe timati chi, ndiko kamalamula ngati chilembo chiyang'ane mkati mwa DNA kapena chitembenukire kunja. Ndinazunguza polumikizirapo pang'onopang'ono mu quantum chemistry, n'kuyerekeza mphamvu zake ndi zomwe force field inkapereka, ndipo mizere iwiriyo sinkagonana. Ndinakonza manambala mpaka inagwirizana. Chimodzimodzinso ndi gulu la nitro lomwe lili pa Z, kuti ligone bwino ndi mphete yake. Wodumpha sitepe imeneyi amapezabe zithunzi zokongola, koma zimakhala za molekyu ina osati yomwe adzaitanitse.

DNA iliyonse ndinaimiza m'bokosi la madzi lokhala ndi potassium chloride, pa makelvin 300 omwe ndi madigiri 27, komanso pa makelvin 338 omwe ndi madigiri 65 a LAMP. Magnesium, ngakhale ali mu buffer ya LAMP (madzi a m'chubu osunga pH pamalo amodzi), ndinamusiya dala. Amagwira madzi omuzungulira mwamphamvu kwambiri moti pa nthawi yochepa yomwe kompyuta imafikira, amangokakamira pomwe wagwera koyamba, ndiye zomwe ungaone zingakhale za mwayi chabe. Ulendo uliwonse unali wa mananosekondi mazana angapo, ndipo ndinkaubwereza kangapo poyambira pa liwiro losiyana la maatomu.

Pa za makina ndinene mwachidule. Inali kompyuta ya pa desiki yokhala ndi GPU (khadi lowerengetsera zithunzi) wamba ya osewera magemu, yolumikizidwa ku batire ya sola. Magetsi akathima ntchito sitayika, chifukwa GROMACS imasunga pomwe yafika mphindi 15 zilizonse. Mdani wamkulu kuno ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala: GPU ikapsa imadzichepetsera yokha liwiro, choncho maulendo ataliatali ndinkawayambitsa madzulo, chivindikiro cha m'mbali chili chotsegula, fani ikupemerera mkati.

Poyeza zotsatira panalinso kachovuta. Mapulogalamu oyezera kaumbidwe ka DNA monga Curves+ ndi 3DNA amazindikira A, T, G ndi C, ndipo akakumana ndi chilembo chachilendo amachidumpha kapena amafuna kuti uwauze wekha momwe achiwerengere. Ndinasankha kuyeza zinthu zosavuta kutsutsa pogwiritsa ntchito pulogalamu ya cpptraj: mtunda wa C1' ndi C1', mtunda wa maatomu ogwirana, ndi kukula kwa malo omwe chilembo chasanjikizana ndi chinzake.

Zomwe zinaoneka pa NaM ndi 5SICS

Ndinayamba ndaziika monga peya wamba, zogona pa mzere umodzi, m'mphepete mwa china mukukhudza m'mphepete mwa chinzake. Sizinakhalitse choncho. Chakumayambiriro kwa ulendo, chimodzi chinkatsetsereka n'kukwera pamwamba pa chinzake, moti m'malo mokumana pakati, zilembo ziwirizo zinkasanjikizana. Mtunda wa C1' ndi C1' unkafupika, nkhosi ziwiri zinkakokeredwa pafupi, ndipo mapeya a nambala 6 ndi 8 ankakankhidwa kuti apereke malo. Ukaonera kanema wa ulendowo mu pulogalamu ya VMD umaona bwinobwino mphete ziwiri za naphthalene za NaM zikulowa pansi pa 5SICS, madzi omwe anali pakati akutuluka, ndipo G woyandikana naye akupendekeka n'kutaya hydrogen bond imodzi kwa kanthawi.

Sindinathamangire kukhulupirira, chifukwa force field ya AMBER imadziwika kuti imakokomeza kusanjikizana kwa mphete, ndipo salfa yemwe ali pa 5SICS ndi atomu yaikulu yomwe chaji yosasintha siifotokoza bwino. Ndiye ndinayambiranso mbali inayo, zilembozo zili zosanjikizana kale, kamodzi NaM pamwamba, kenako 5SICS pamwamba, kuti ndione ngati zingabwerere pa mzere umodzi. Sizinabwerere. Pa madigiri 65 zinkagwedezeka kwambiri, nthawi zina chimodzi n'kusuzumira kunja, koma zikakhazikika zinkabwerera kosanjikizana.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi chakuti zimenezi zinaonedwa kale mu labu. Mu 2012 Karin Betz ndi Andreas Marx a ku Konstanz ku Germany, pamodzi ndi gulu la Romesberg, anaonetsa kuti mu DNA yokhala payokha NaM ndi 5SICS zimasanjikizana, koma zikakhala mkati mwa polymerase ya KlenTaq zimagona pa mzere umodzi ngati peya yachilengedwe. Ndiye kuti polymerase ndiyo imazikakamiza kukhala mwadongosolo pa nthawi yokopera. Apa m'pomwe panagona yankho la funso lathu. Mu E. coli peyayi imayenda bwino chifukwa polymerase ilipo. Mu mchira wa probe mulibe woigwira, imakhala payokha m'madzi otentha, ndipo mayiwa ankafuna kuika zingapo moyandikana. Nditaika ziwiri motsatizana, pakati pa DNA panasokonekera kwambiri, zilembo zinayi zikulowerana mosasankha kuti mnzake ndi uti. Chilembo chodana ndi madzi chimangofuna pobisala, ndipo chikapeza mphete ina iliyonse chimakhutira. Pa ntchito yomwe cholinga chake chonse ndi kusankha mnzake mmodzi yekha, limeneli ndi vuto lalikulu.

Zomwe zinaoneka pa P ndi Z

Apa zinthu zinali zabata. Ma hydrogen bond onse atatu anagwira pafupifupi ulendo wonse, mtunda wa C1' ndi C1' sunasiyane ndi wa G ndi C, ndipo DNA inakhalabe ya mtundu wa B. Gulu la nitro la Z linaloza ku mpata waukulu wa DNA, waukulu mwa mipata iwiri yopotana pakati pa nkhosi zake, n'kumatsamira pa chilembo choyandikana nacho. Nditaika mapeya angapo motsatizana, mpata waukuluwo unakula pang'ono koma palibe chinathyoka. Izi zikugwirizana ndi zomwe Millie Georgiadis ndi anzake anapeza mu makristalo mu 2015, komanso simulation ya mamaikulosekondi 50 yomwe Robert Molt, Georgiadis ndi Nigel Richards anafalitsa mu 2017. Pa madigiri 65 mapeya akumapeto ankatseguka ndi kutsekeka, koma P ndi Z zapakati sizinasunthe.

Mayiwa ataona ma graph anati, "Aphunzitsi, ndiye basi tingoitanitsa P ndi Z, si choncho?" Ndinawayankha kuti, "Dikirani kaye mayi, tandiuzani pH ya buffer yanu." Anati 8.8.

Nkhani ya haidrojeni imodzi ya Z

Mbali imeneyi ndi yomwe ndikuiona yofunika kuposa zonse mu lipotili. Molecular dynamics yamtundu uwu sithyola kapena kupanga bond. Ukaipatsa Z ili ndi haidrojeni pa naitrojeni wake wapakati, idzakhala nayo mpaka ulendo utatha, ngakhale zitakhala kuti m'chubu chenicheni haidrojeniyo ikanachoka kalekale. Kompyuta inandionetsa P ndi Z zogwirana bwino chifukwa ndi Z imeneyo yomwe ndinaipatsa. Sinanene kanthu pa funso loti kodi Z imakhaladi choncho mu buffer ya LAMP.

Tiyeni tione m'mphepete mogwirira. C ili ndi malo atatu motere: opereka haidrojeni, olandira, olandira. G ili ndi otsutsana nawo: olandira, opereka, opereka. Z ili ndi opereka, opereka, olandira, ndipo P ili ndi olandira, olandira, opereka. Mukayerekeza Z ndi C muona kuti zimasiyana pamalo amodzi okha, apakati. Tsono gulu la nitro limakoka ma electron mwamphamvu, n'kupangitsa haidrojeni yapakatiyo kukhala yosavuta kuchoka. pKa ya Z, kutanthauza pH yomwe theka la zilembo za Z limakhala litataya haidrojeniyo, ili cha m'ma 7.8. Haidrojeniyo ikachoka, Z imasanduka opereka, olandira, olandira, chimodzimodzi ndi C, ndipo imagwira G. Pa pH ya 8.8, yomwe yaposa pKa ndi 1, masamu ake amati pa zilembo za Z zomwe zili pazokha, pafupifupi 10 zimakhala zataya haidrojeni pomwe imodzi yokha ili nayo. Mchira womwe tinkaulemba kuti usagwire DNA yachilengedwe ungathe kumagwira paliponse pamene pali G.

Ndinapanganso malamulo a Z yopanda haidrojeniyo, yokhala ndi chaji ya negative, n'kuiyesa ndi G komanso ndi P. Ndi G inagona bwino kwambiri, ma hydrogen bond atatu, moti munthu woonera kanemayo osauzidwa anganene kuti ndi C ndi G. Ndi P, manaitrojeni awiri apakati, onse olandira, ankayang'anizana popanda haidrojeni pakati pawo. Ankakankhana, peyayo n'kutseguka cha mbali ya mpata waukulu, ndipo madzi kapena potassium ankalowa kudzakhala pakatipo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yotonthoza. Nambala ya 8.8 yolembedwa pa botolo ndi ya pa madigiri 25. Buffer ya Tris imatsika pH ikatentha, pafupifupi 0.03 pa digiri iliyonse, ndiye pofika madigiri 65 imakhala cha m'ma 7.7. Komanso Z ikakhala kuti yagwirana kale ndi P, haidrojeni yake imatetezeka ndipo sichoka msanga. Koma pH ya 7.7 ili pafupi kwambiri ndi pKa, pomwe kusintha kwakung'ono kumasuntha zinthu kwambiri. Ndipo machubu amakonzedwa pa tebulo, pa kutentha kwa chipinda, pomwe pH ikadali yokwera ndipo zogwirana molakwika zimakhala ndi mpata wokhazikika chubu chisanalowe pamoto. Onjezeraninso mkodzo. pH yake imasiyana munthu ndi munthu, kuyambira cha m'ma 4.5 mpaka 8, ndipo mkodzo womwe wayenda ulendo wautali padzuwa kuchoka ku sukulu za kutali monga za ku Makanjira umakwera pH mabakiteriya akayamba kuswa urea. Ngati cholinga ndi kudzathira mkodzo wongowiritsa m'chubu osayeretsa DNA, ndiye kuti sampulo iliyonse ikubwera ndi pH yakeyake.

Pali chinthu china chomwe ndinawachenjeza mayiwa kuti asachilembe mu pepala lawo. Kuona DNA isanamasuke pa makelvin 338 mu kompyuta si umboni woti imapirira madigiri 65. Nkhosi ziwiri zimatenga nthawi yaitali kuti zisiyane kuposa mananosekondi omwe timafikira, ndipo ma force field amenewa amalimbitsa DNA mopitirira. Kutentha kosungunukira, Tm, kumayezedwa mu labu. Chomwe kompyuta inatipatsa ndi kaumbidwe ndi kuyerekeza peya ina ndi inzake pa malamulo ofanana, ndipo pamenepo ndi pomwe ndikuikhulupirira.

Zomwe ndinalangiza

NaM ndi 5SICS zisiyidwe pa ntchito imeneyi. Si zilembo zoipa, ndipo NaM ndi TPT3 zinafika mpaka popangira mankhwala ku kampani ya Synthorx yomwe Sanofi inagula, koma mphamvu yake imaoneka pomwe pali polymerase, osati mu mchira woyandama pawokha.

P ndi Z ziitanitsidwe, koma mchira ulembedwe mosamala. Zilembozi zisaunjikane malo amodzi, zilekanitsidwe ndi mapeya achilengedwe. Tinakhala pansi n'kulemba mchirawo papepala, Z iliyonse tikuiwerenga ngati C, kenako tinausaka mu ma primer onse a Dra1 ndi mu chigawo chomwe chidzachulukitsidwe, kuti tione ngati pali pomwe ungagwire Z zonse zitataya haidrojeni. Mchira woyamba unali ndi zilembo zingapo zotsatizana zomwe zikanagwira primer imodzi yamkati, ndipo tinasuntha Z ziwiri mpaka kufananako kunatha. Ntchito imeneyi sinafune GPU, inangofuna pensulo, koma sitikanaiganizira popanda kuona Z ndi G zitagona bwino chonchija.

Ndinawalangizanso kuti asaphatikize probe imeneyi ndi LAMP yosintha mtundu ya phenol red. Imeneyo imadalira kuti pH itsike pomwe DNA ikuchuluka, ndiye imakhala ndi buffer yofooka dala, ndipo Z ingamasinthe khalidwe mayeso ali mkati.

Pa oda yomweyo awonjezere tinkhosi tifupitifupi totsika mtengo ta zilembo zachilengedwe, toti tikagwirana ndi nkhosi yokhala ndi Z, moyang'anizana ndi Z mukhale G, kenako A, T ndi C. Katundu akafika, chinthu choyamba si kuyeza mkodzo ayi. Ayambe ayeza Tm ya P ndi Z, ya G ndi Z, ndi ya G ndi C pa spectrophotometer yotenthetsa, pa mananomita 260, mu buffer ya pH 7, 8 ndi 8.8, magnesium ali momwemo monga mu LAMP yeniyeni, ndipo pH iyezedwenso buffer ili yotentha. Makina otere angafunike kukawapempha ku Blantyre kapena ku Zomba. Tinagwirizana kuti ngati pa pH yogwirira ntchito Tm ya G ndi Z iyandikira ya P ndi Z, atsitse pH ya buffer pang'ono n'kuona ngati polymerase ya Bst, yomwe LAMP imagwiritsa ntchito, ikugwirabe bwino, ndipo zikakanika pamenepo, mchirawo ulembedwenso ndi Z zochepa.

Mafayilo onse a malamulo a P, Z, Z yopanda haidrojeni, NaM ndi 5SICS, pamodzi ndi ma script oyendetsera ndi oyezera, ndinawapereka kwa mayiwa kuti aikidwe kumapeto kwa pepala lawo la digiri. Gawo lotsatira kumbali yanga ndi kuwerengetsera ndi njira ya free energy kuti pKa ya Z imasuntha bwanji ikakhala moyang'anizana ndi P poyerekeza ndi G, ndipo manambala a Tm akadzabwera ku labu ndi omwe ndidzayesere ngati kuwerengetserako kukulondola.